Ka Glanza ka pansi pa mango: kope la ntchito, Salima

Loweruka, 3 Febuluwale 2024

Kafika pakhomo. Takakoka ndi chingwe kuchokera kwa amalume ku Kamuzu Road mpaka kuno kwathu, njira ya ku Senga Bay. Alamu anga anali patsogolo ndi pikapu yawo ya nsomba, ine pambuyo pa chiwongolero cha galimoto yopanda batire, buleki ikungolowa mpaka pansi, dzanja limodzi lili pa handibuleki. Anyamata a kabaza amatiimbira miluzu ngati tanyamula mkwatibwi.

Ndi Toyota Starlet Glanza V ya 1997, ya zitseko ziwiri, yoyera, ngakhale kuyera kwake panopa n'kwa nsima ya mgaiwa. Yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zitatu. Amalume anaitenga kwa mnyamata wina amene analephera kubweza ngongole, ndipo iwo sanayendepo ngakhale tsiku limodzi. Potsanzikana anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mphwanga, ngati ukufuna khola la nkhuku, tenga. Koma ukadzayamba kuthiramo ndalama, dzina langa lisadzatchulidwe."

Wosadziwa aziyesa Starlet wamba, zija zinadzaza m'tauni Vitz isanabwere. Kusiyana kwake kuli pa boneti. Pali mphuno yotseguka, ndipo pansi pa mphunoyo pagona intercooler, yoziziritsa mpweya wochokera ku tebo, kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu. Injini ndi 4E-FTE, ya 1331 cc, mavavu 16, ndi katebo kotchedwa CT9. Ku fakitale kankatuluka ndi mahosipawa pafupifupi 135 pa thupi losakwana tani imodzi. Toyota inasiya kupanga mtundu umenewu mu 1999. Ine ndinayamba kukasirira ndili ku sekondale, tsiku lina kena kofiira katadutsa pa M5 kakulira psiii posintha giya, ndipo kulira kumeneko sikunandichoke m'mutu.

Zomwe ndikufuna ndazilemba pa chikuto cha kope lino, mizere inayi: kukadzutsa, kukweza boost (mphamvu ya mpweya umene tebo imakankha), kukatsitsa pansi, kuika marimu a mainchesi 16. Mayi a kunyumba anawerenga, n'kuyang'ana kagalimotoko, kenako n'kundiyang'ana ine. "Bambo, chimenechi chikhala pabwalo pano mpaka liti?" Ndati miyezi itatu. Sanayankhe, anangopita kukaphula mpunga.

Loweruka, 17 Febuluwale

Masabata awiri athera potulutsa alendi. M'bokosi la fyuluta ya mpweya munali chisa cha makoswe, njere za mango ndi zidutswa za siponji ya mpando. Mavu anamanga nyumba zawo zadothi pakati pa timizere ta intercooler. Mawaya awiri opita ku mainjekita anatafunidwa mpaka mkuwa kuonekera. Ndawalumikiza ndi soldering iron, osati kungopota n'kukulunga tepi monga timachitira pamsewu.

Thanki tinaitsitsa. Petulo amene anatsalamo anasanduka wofiira, fungo ngati vanishi wa kalipentala, ndipo pampu ya mafuta inali itauma gwa. Mapayipi a labala ndasintha onse, poti ukawapinda amangothyoka ngati makaka. Petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol wa nzimbe, ku Dwangwa akhala akumutcheza kuyambira 1982. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku siimva kanthu, koma ethanol amakoka chinyezi, ndiye ukaiimika zaka zitatu kufupi ndi nyanja, pansi pa thanki pamakhala madzi ndi dzimbiri zokhazokha.

Injini sinakakamire. Ndinachotsa mapulagi, kuthira oyilo pang'ono m'masilinda, kudikira masiku awiri, n'kuzunguza kiranki ndi sipanala. Inazungulira mofewa. Ndinasangalala msanga, kuiwala kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Alamu, amene ntchito yawo ina ndi kukonza injini za maboti ku Senga Bay, anabwera ndi geji ya compression, yoyeza mmene silinda ikupanikizira mpweya, ndi batire ya pikapu yawo. Silinda yoyamba 165 psi, yachiwiri 160, yachinayi 165. Yachitatu 90. Tinathiramo kasupuni ka oyilo n'kuyesanso, inakwera kufika 120. Oyilo akakweza nambala chonchi ndiye kuti mpweya ukuthawira m'mbali mwa pisitoni, osati ku mavavu. Anapukuta m'manja n'kuti, "Alamu, tsegulani basi. Apa pemphero lokha silikwana."

Lolemba, 4 Malichi

Tchuthi cha 3 Malichi chasunthira lero poti dzulo linali Lamulungu, ndiye tsiku lonse lathera pa injini.

Hedi yachoka, sampu yachoka, mapisitoni ali pa nyuzipepala pakhonde. Ya nambala 3 inathyoka kakhoma ka pakati pa ring'i yoyamba ndi yachiwiri. Kachidutswako kanali kadakali pamalo pake, kogwidwa ndi maring'i, ndipo kanagwera m'manja mwanga nditangotulutsa. Mwayi wake ndi umenewo. Khoma la silinda lili ndi kamzere kochepa koti chikhadabo sichikodwapo.

Koma pisitoni sithyoka yokha. Ndinatenga tochi n'kuyamba kufufuza chimene chinaipha.

Pa kapayipi kopita ku wastegate wina anadula n'kuikapo kampopi ka mkuwa. Kwa amene sanatsegulepo tebo, nkhani yake ili chonchi. Utsi wa injini ndi umene umazunguza tebo, ndipo wastegate ndi kachitseko kamene kamatseguka mpweya ukakwana, kuti utsi wina ulambalale, tebo isapitirire muyezo. Kachitsekoko kamadziwa kuti mpweya wakwana kudzera pa kapayipi kaja. Ukaboola kuti mpweya wina uzithawa, kachitseko kamanamizidwa, kamachedwa kutseguka, boost n'kukwera. Ku fakitale anaika batani la magawo awiri, Lo pafupifupi 0.4 bar ndi Hi pafupifupi 0.65 bar. Boost ikapyola 0.8 pang'ono, kompyuta ya injini imadula mafuta kuti iteteze mapisitoni. Nanga apa sinadule bwanji? Yankho ndinalipeza nditagona chagada pansi pa dashibodi: kabokosi kakuda, kokulungidwa tepi, kolumikizidwa pa waya wa sensa yoyeza mpweya. Ntchito yake ndi kubisira kompyuta kuti boost yakwera. Mlonda anamumanga nsalu kumaso, chitseko n'kuchikhomera msomali. Mpweya wambiri, mafuta osakwanira, moto m'silinda n'kumaphulika nthawi yake isanakwane, mpaka chitsulo chinatopa.

Chifukwa chimene inafera ya nambala 3 osati ina, eni magalimoto amenewa amachidziwa. Manifodi ya utsi ya ku fakitale ili ndi njira yopanikizika pa silinda yachitatu, ndipo kutentha kumaunjikana pamenepo. Yanga ndaipezanso ndi mng'alu wotalika ngati chala.

Kumbali ya madzi ndiye manyazi enieni. Thermostat, kavavu kotseka njira ya madzi mpaka injini itatentha, mulibe. Fani anailumikiza dairekiti kuti izizungulira kiyi akangotembenuzidwa. Mu rediyeta munali madzi a pa mjigo, m'kati mutachita zoyera zolimba ngati m'ketulo ya kusukulu yogonera konko. Za kuchotsa thermostat ndakangana nazo ndi amakaniko ambiri. Amati chimenecho n'cha kwa azungu kozizira, kuno sichifunika. Koma injini ya kompyuta ikachedwa kutentha, kompyutayo imaonjezera mafuta monga inkachitira choki, mafutawo n'kumatsuka oyilo m'makoma a silinda. Komanso kuichotsa sikutsegula rediyeta yotsekeka, kumangophimba chilonda ndi nsanza.

Usiku potseka kope lino maso anagwera pa chikuto, mzere wachiwiri. Mnyamata wangongole uja anachita zomwe ndalemba inezo. Anangonditsogolera.

Loweruka, 13 Epulo

Ku Lilongwe kukasaka masipeya. Ndinakwera minibasi ya m'bandakucha, hedi ili m'thumba la feteleza, pisitoni yothyoka ili m'jumbo. Hedi ndinaisiya kwa a makina kuti aiyeze ngati ili ndi mng'alu ndi kuisikima pang'ono, ine n'kulowa m'tinjira ta ku Biwi.

Ku Biwi ukangoti Starlet, aliyense ali nazo. Mnyamata woyamba anathamanga n'kubwera ndi fyuluta ya Starlet yatsopano ija inatuluka mu 2020, imene kwenikweni ndi Suzuki Baleno yovala baji ya Toyota. Wachiwiri anamva bwino, n'kunditengera kwa bwana wake, amene anatulutsa mapisitoni anayi onyezimira. "Bwana, 4E ndi 4E, awa alowa ngati obadwiramo." Kulowa akanalowadi, poti m'mimba mwa silinda ndi chimodzimodzi, 74 mm. Ndinatulutsa yanga m'jumbo n'kuiika pambali pa ake pa kauntala. Yanga ili ndi dzenje lakuya pamutu, ake ndi osaya. Akewo ndi a 4E-FE, injini ya Corolla ndi Starlet wamba, ya compression ya 9.6. Ya tebo ndi 8.2, anaitsitsa dala kuti mpweya wokankhidwa upeze malo. Kuika amenewo n'kuitana maliro omwe aja kachiwiri. Bwanayo sanakwiye. Anaseka n'kuti, "Inu ndi aphunzitsi eti?" Ndinavomera.

Uphunzitsiwo sunandithandize pa lamba wa tayimingi. Ndagula wa 5E osawerenga bokosi, ndazindikira nditafika kale kunyumba. 5E ndi mkulu wake wa 4E: pisitoni yake imayenda 87 mm pomwe ya 4E imayenda 77.4 mm, ndiye buloko ndi yaitali, lambanso ndi wautali. Mlandu ndi wanga. Wotapampu, magasiketi, masilu, mabeling'i ndi thermostat ya madigiri 82 ndapeza.

Mapisitoni enieni, paliponse ndinafunsa amangopukusa mutu. Mnzanga woyendetsa thiraki ya ku Dar es Salaam wati kumeneko injini zophwasula zotere zimapezeka. Mtengo umene wanditumizira pa WhatsApp ndauwerenga kawiri. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chatha, chilichonse cholowera pa Songwe chikuluma. Ndakongola ku banki m'khonde kudzera mwa mayi, ndi chiwongoladzanja chake, ndipo akuti pa tsiku lobweza sadzandidziwa kuti ndine mwamuna wawo.

Lachiwiri, 14 Meyi

Mapisitoni akadali m'njira. Podikira ndachita za mabuleki. Glanza V ili ndi madisiki mawilo onse anayi, ndipo makalipa a kumbuyo anali atagwirana ndi dzimbiri, tachita kuwatulutsa ndi mpweya wa pampu. Dzimbiri lina linali pansi pa batire ndi m'dzenje la tayala lapadera, momwe munkaima madzi a mvula. Tadula, tawotcherera zigamba. Wailesi ikugwira, koma ndi ya ku Japan, imayambira pa 76 n'kuthera pa 90, ndiye masiteshoni ambiri a kuno sakufikika. Zimenezo zidikire.

Miyezi itatu ija inakwana kale. Pakhomo pano palibe waitchula, koma mbale zikuikidwa patebulo mwamphamvu.

Loweruka, 22 Juni

Afika, pamodzi ndi makonirodi ake, a kaunjika koma abwino. Maring'i ndi atsopano. Vuto tsopano ndi mwera. Ukuomba usana ndi usiku, ndipo mchenga wa kwathu kuno umalowa mpaka m'mano. Kamchenga kamodzi pa beling'i ya kiranki n'kokwanira kuononga ntchito ya miyezi inayi. Ndiye buloko yalowa m'nyumba. Ili pa tebulo m'chipinda cha alendo, yofunditsidwa chitenje chakale. Zomwe ndalonjeza kuti izi zitheke sindilemba muno.

Masilinda tawapala pang'ono ndi miyala ya honing ya pa drilu kuti maring'i atsopano akhazikike. Ring'i iliyonse ndinayamba ndailowetsa yokha m'silinda n'kuyeza mpata wa pakamwa pake ndi filageji, chifukwa ikatentha imafutukuka, ndipo mpata ukachepa nsonga zake zimagundana n'kuthyola kakhoma komwe kaja. Mabawuti onse ndamanga ndi torque wrench yobwereka, motsatira buku, osati ndi mpaipi wa mita ndi mawu oti "yakwana".

Manifodi ndinapita nayo kwa mdala wina wowotcherera kuseri kwa msika. Ndinakhala naye tsiku lonse ndipo sindikudandaula. Chitsulo cha kasiti sichifuna phuma. Anayamba waboola timabowo kumapeto onse awiri a mng'alu kuti usapitirire, n'kuukumba ndi girayinda, n'kuika manifodi yonse pa mbaula ya makala mpaka itatentha mofanana ponseponse. Kenako anawotcherera pang'onopang'ono ndi ndodo za nickel, akawotcha pang'ono n'kumenyamenya ndi kahamala, akawotcha n'kumenyanso. Atamaliza anaikwirira mu mchenga wotentha ndi phulusa. Ndinati ndiitenge madzulo. "Mwana wanga, ubwere mawa. Ikazizira msanga ilira kuti the, ndipo udzati mdala sadziwa ntchito." Mawa lake nditaitenga ndinapala mopanikizika muja, mu njira yachitatu, mpaka chala chikuyendamo bwino.

Loweruka, 6 Julayi

Dziko likukumbukira zaka 60 za ufulu, ife tili pansi pa boneti. Kampopi ka mkuwa ndi kabokosi kakuda zili m'chitini cha mabawuti otsala. Ndinachotsa fyuzi ya EFI, kuti mafuta asalowe, n'kuzunguza sitata mpaka nyali ya oyilo itazima, kuti tebo isayambe kuzungulira youma. Kubwezera fyuzi, kutembenuza kiyi: kwee kwee kwee, phuu! Kuomba kamodzi mu ekizosi, agalu a m'mudzi onse kuyankha. Katatu konse. Alamu anatsata mawaya a mapulagi ndi chala kuchokera pa disitibyuta, n'kundiyang'ana mwachisoni. Dongosolo lake ndi 1-3-4-2, ine ndinali nditasinthanitsa awiri. Titakonza, kanadzuka pa kiyi woyamba.

Ndinakhala pa tayala lakale n'kumangomvera. Zaka zitatu ndi miyezi isanu kali chete.

Nyali ya check engine inakana kuzima. Ubwino wa Toyota za nthawi imeneyo ndi woti sufuna makina. Pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS pafupi ndi injini. Ukalumikiza timabowo take tiwiri, TE1 ndi E1, ndi kawaya, nyaliyo imaphethira nambala ya vuto. Inaphethira kawiri, kupuma, kawirinso. Imeneyo ndi 22, sensa ya kutentha kwa madzi. Makoswe aja anali atadyanso pamenepo, pansi pomwe sindinaone. Kawaya kali pomwepo tinatcheranso tayimingi pa madigiri 10 ndi timing light. Fani yabwerera pa switchi yake, ikuyaka yokha n'kuzima yokha.

Mayi anatuluka ndi tiyi, n'kuima kaye kumvera. "Kaliradi. Nanga tebulo langa lija mulipala liti?"

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndafufuta mzere wachitatu ndi wachinayi pa chikuto. Kutsitsa galimoto kunali kutachitika kale: masipuling'i anadulidwa ndi girayinda, mashoko anaphulika, sampu ili ndi zipsera ngati bondo la mwana wosewera mpira wachikulunga. Ulendo woyamba wopita ku Kamuzu Road ndinakwera hampu iliyonse chammbali ngati nkhanu, minibasi zikuimba hutala pambuyo. Pa msewu wafumbi wolowera kwathu, pomwe mchenga umaunjikana pakati, kankachita kulima.

Ndaika masipuling'i a msinkhu wa ku fakitale, mashoko atsopano, mabushi onse a kutsogolo, ndi chitsulo chotchinga sampu chimene mdala uja wandipindira. Matayala ake enieni ndi 185/55 R14, ndipo kuno sindinawapeze. Ndaika 175/65 R14, saizi ya ma Vitz ndi anzake, yopezeka ngakhale pa shopu ya pamsika. Ndi aatali ndi 4 peresenti, galimoto yakwera ndi sentimita imodzi ndi pang'ono, ndipo sipidomita tsopano ikuchepetsa: ikati 50, ndili pa 52. Zimenezi ndizizikumbukira podutsa m'misika ya m'mbali mwa msewu pomwe a polisi amaima ndi kamera. Pokhota kakupendekeka pang'ono kuposa kale, sindikana. Koma dzenje la pa M5 silifunsa kuti rimu unagula ndalama zingati.

COF ndi inshuwalansi zatheka. Pano ndikuyenda modekha kuti maring'i akhale, batani lili pa Lo, revi yosapyola 3,500. Ku Chipoka, kubwerera. Ku Khombedza kudzera pa Kaphatenga, kubwerera. Oyilo woyamba ndataya pa makilomita 500, ndipo maginito amene ndinaviika m'menemo anatuluka ndi kafumbi kochepa chabe.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala. Ndinati ndiwatengere mayi ku Lilongwe, akaone kumene ndalama ya banki m'khonde inapita. Tinanyamuka 10 koloko, ndipo kulakwa koyamba kunali kumeneko. Okutobala wa ku Salima amadziwika, phula limachita kunyezimira ngati pali madzi. Ndinali nditaika mageji awiri, ya boost ndi ya kutentha kwa madzi ya manambala, chifukwa singano ya pa dashibodi imakhala pakati mpaka zinthu zitaipa kale.

Pachidikha zonse zinali bwino, 88, 90. Koma M14 imachoka pa mamita pafupifupi 500 kuno kunyanja n'kukafika kupitirira 1,000 ku Lilongwe, ndipo mtunda weniweni uli m'mapiri a ku Mvera. Tinapeza lole ya matumba ikukwawa, popitirira palibe. Giya yachiwiri, liwiro la njinga, mphepo yolowa pa rediyeta palibe. 96. 100. 104. Ndinatsegula hita mpaka kumapeto, mawindo onse pansi, poti hita ndi karediyeta kena. Mayi anapirira mphindi ziwiri. "Bambo, mwanditenga kudzandiwamba ngati utaka?" Tinaima pambali, injini ili chilirire kuti madzi azizungulira, mpaka nambala inatsika. Sinawire. Chivindikiro cha rediyeta cha 0.9 bar chimapangitsa kuti madzi asawire mpaka chakuma 120, ndiye kampata kanalipo, koma hedi ya aluminiyamu yosikima kale siiyesedwa kawiri.

China ndinachiona titaima. Intercooler sinkagwirika, kutentha ngati chiwaya cha tchipisi. Ili pamwamba pa injini, tebo ili pansi chakutsogolo, ndiye ukayenda pang'onopang'ono, m'malo moziziritsa mpweya imauphika. Mpweya wotentha ndi wopepuka, mphamvu imachepa, komanso ndi umene umaitana kuphulika kuja kunathyola pisitoni. Titadutsa phiri ndinayesa Hi pang'ono. Kanali kaulesi kuposa Lo ya m'mawa wa Ogasiti.

Ku Lilongwe tinafika. Chitenje chimene ndinagula chinali cha mtengo umene sindinakonzekere.

Loweruka, 2 Novembala

Anzanga a magalimoto ku Lilongwe onse akuti intercooler ndiisamutsire kutsogolo, kuseri kwa bampa. Ndakana pakadali pano. Ikakhala kumeneko imaima patsogolo pa rediyeta n'kuilanda mphepo, chikhalirecho rediyetayo ndiyo ikulira kale. Mapayipi amatalika, katebo kakang'ono n'kumachedwa kuwadzaza. Komanso mbuzi za pa Kaphatenga sizidziwa mtengo wa aluminiyamu.

Ndachita zosaoneka. Rediyeta yakale, ngakhale anaitokosa ndi timawaya mu Juni, timipaipi tambiri tinali takufa. Ndaika yonenepa ya aluminiyamu, ndi chotchingira fani choti mpweya wonse uzidutsa m'timizere, osati m'mbali. Ndathira coolant weniweni, wa pa mjigo asadzalowemonso. Pakati pa tebo ndi intercooler ndabwezera chitsulo chotchinga kutentha chimene mwini wakale anataya. Ndipo pali kanthu kena kamene kandipweteka mtima chifukwa cha kuchepa kwake. Pansi pa mphuno ya boneti pamayenera kukhala labala wozungulira, wokanikiza pa intercooler, kuti mphepo yolowa isathawire m'mbali. Panalibe, ndipo miyezi yonseyi sindinadziwe kuti pakusowa chinthu. Ndadula wa chitseko cha minibasi yakufa n'kumata.

Mafuta ayamba kusowa, koma ndinali ndi theka la thanki, ndiye lero ndabwerera ku phiri lomwe lija, nthawi yomwe ija, ndekha. Ndinachita kudikira lole kuti ndiitsate. 94, fani n'kuyaka, 91. Pamwamba ndinaika dzanja pa intercooler, yofunda chabe. Pobwerera, pamalo owongoka opanda anthu, ndinadina Hi mu giya yachitatu. Singano inaima pa 0.65, mpando unandikankha kumsana, chiwongolero chikukokera uku ndi uku m'manja. Posintha giya kanalira kapsii kapansipansi, osati kaphokoso ka ku sekondale kaja, chifukwa vavu ya ku fakitale imabwezera mpweya m'kati m'malo moutaya kunja. Ndinaseka ndekha mpaka pa Kaphatenga. Mzere wachiwiri ndaufufutanso.

Lamulungu, 24 Novembala

Mafuta asowa dziko lonse, anthu akugona pa mizere. Lachinayi ndinagonja n'kugula malita asanu a m'chigubu kwa mnyamata wa m'mbali mwa msewu. Sindinafike patali. Pokwera kamtunda ndinamva kulira ngati misomali m'chitini, ndinachotsa phazi nthawi yomweyo. Kunyumba ndinakhuthula thanki. Nditathira m'botolo loonekera, pansi panakhala madzi okwana chala, ndipo fungo linali ndi kaparafini. Ndayezanso compression mtima uli m'mwamba: 170, 170, 168, 170. Tapulumuka. Kaima kaye mpaka wa pa pampu atapezeka, kusukulu ndikupita pa kabaza.

Zotsala: CV joint ya kumanja, mfundo ya shafiti yozunguza tayala la kutsogolo, ikuti khekhekhe pokhota, giya yachiwiri ikukhukhuluza ukaifulumiza m'mawa, penti, ndi wailesi ija. Mvula ikalimba ndiona ngati labala wa buti sakudontha.

Dzulo amalume anabwera pa njinga yawo. Anazungulira kagalimotoko kawiri, kutsegula boneti, kutseka, kukhala pa mpando wa dalaivala n'kugwira chiwongolero ndi manja awiri. Za khola la nkhuku sanazitchule. Anafunsa kuti batani ili n'lachiyani, ndinati n'la wailesi. Potuluka anati pa 14 Disembala kuli chinkhoswe ku Benga, iwo ndi ankhoswe, ndipo munthu wamkulu ngati iwo sangakafike pa minibasi atapanikizana ndi mabasiketi a usipa.

"Mphwanga, kagalimoto kathu aka kadzakhala katachira?"

Kathu. Ndawauza kuti zitengera CV joint ikafika kuchokera ku Lilongwe. Sindinaiitanitse n'komwe.